Tsiku Limene Ndinayendetsa Mvuu Kuchokera ku Kanyenda

Iwe Yusufu, takhala pansi. Chiyambire m'mawa ukungozungulira galimoto yakoyo ngati nkhuku yofuna poikira. Akuti chiyani, Fatuma? Akuti injini yake inayenda kale mtunda wautali kwa eni ake oyamba, ndiye akuopa kuti idzamufera panjira? Ndiye mwapangana kuti mudzafunse ine? Ndikudziwa, mukundiseka. Sekani, mano mukadali nawo. Koma pakhomo pano munthu amene anayendetsapo galimoto yokalamba zenizeni ndine, osati amalume anu aja opachika makiyi pa lamba. Ndipo ndineneretu, yankho ndilibe. Ndalifunafuna mpaka mutu wonsewu wayera.

Agogo anu aamuna, a Bwanali, ena mwa inu munawapeza akukoka mwendo, dzanja lamanja lili lende. Sanabadwe choncho ayi. Anali munthu wonyamula thumba la mpunga yekha, akuyankhula nkhani. Nthawi ya chipani chimodzi ija, titangobereka Saidi, bambo ako iwe Fatuma, iwo anagula galimoto pa okushoni ku boma, a zaulimi atatopa nayo. Inali ya zija za m'tchire, zazitali miyendo, zokoka ndi matayala onse, denga lake la tenti. Anthu akuno anaitcha Mvuu, chifukwa inkalowa m'madzi mpaka pakati n'kukatulukira tsidya lina ili wefuwefu.

Iwe Yusufu ukudandaula ndi manambala a pa kawotchi kako kowerenga mtundako. Ka Mvuu kanazungulira mpaka manambala anatha, kanabwerera pa ziro ife tili m'njira ya ku Mwadzama. Agogo anu anaima, anayang'anitsitsa, nati, "Mayi a Saidi, taonani, yabadwanso." Ine ndinakhulupiriradi, ndinakauzanso anzanga kuchitsime. Pambuyo pake kawotchiko kanangoima, kangaude n'kumangamo nyumba. Kena kosonyeza kutentha kwa injini nako kanafa. Ndiye musandifunse kuti inayenda mtunda wanji, chifukwa palibe amene ankadziwa.

Ntchito yathu inali yogula nsomba zouma ndi mpunga ku madooko a ku Kanyenda n'kudzagulitsa kuno ku boma. Makolo athu katundu wotere ankayendetsa pa zombo za matanga, koma nthawi yathu zombo zinali zitachepa. Msewu wa tala mukuuonawu kunalibe. Kupita ku Kanyenda unkachita kutsanzika. Chilimwe mchenga, dzinja matope ofika m'mawondo. Nyengo ya mpasa ku Bua, ee, ana inu! Mpasa mukuidziwa? Osati tinsomba ta m'firiji mukudyati. Inkati ikakhala pa thandala, mafuta ali chuu pa makala, galimoto yonse inkanunkhira mpaka mpando. Pakakhala msonkhano wa chipani ankangobwera kudzanena kuti mawa Mvuu inyamula amayi ovina. Petulo wako, oyilo wako, kukana ayi. Amayi ankadzaza mpaka pa boneti, ng'oma pamwamba, Mvuu osadandaula. Makanika wina wa kuno anaimvetsera ikulira nati siifika Ramazani. Anatsogola ndi iye, Mulungu amukhululukire, Mvuu ikadali pamsewu.

Sitata yake inafa chaka chomwe tinaigula. Choncho poimika ankaiimika pa chulu, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira. Kuno kunyanja ndi kwa see, zitunda n'zosowa, ndiye agogo anu ankadziwa chulu chilichonse kuyambira ku Mwadzama mpaka ku Kanyenda kuposa mmene ankadziwira abale anga. Popanda chulu ankakankha amuna. Tsono pokankhapo pamafunika wina pa chiwongolero, ndipo wopepuka anali ine. Usaseke Fatuma, nthawi imeneyo ndinali ngati bango. Anandiphunzitsa kuponda kalachi, kulowetsa giya yachiwiri, iwo akakuwa kumbuyo kuti "Siyani!" ine n'kusiya. Ikalira, kupondanso, kubweza ndodo ya giya pakati, iwo n'kuthamanga kudzakwera, ine n'kusendera. Sukulu yanga yonse ya galimoto inali imeneyo: kalachi, buleki, giya yachiwiri.

M'mawa uliwonse akachoka ku swala, mapemphero a ku msikiti aja, ankatsegula boneti, kusolola kachitsulo ka oyilo, kukanunkhiza, kutikita oyiloyo ndi zala ngati munthu woyesa ufa. Podontha petulo ankamata ndi sopo, pogwedera ankamanga ndi legeni. Zimenezo ndinkazimvetsa. Chimene chinkandizunguza mutu anali maimidwe a panjira.

Tikamachoka ku Kanyenda panali malo awiri amene sankadutsa osaima. Oyamba anali pa mkuyu waukulu, tisanafike ku Bua, pafupi ndi chitsime. Apo ankaima injini ikulira, poti kuizimitsa kunali kudzipalira ntchito. Ankanyowetsa chiguduli, n'kuchiika penapake m'kati mwa injini. Ankagogoda ndi sipanala. Ankazungulira galimoto yonse akusisita tayala lililonse, kenako n'kuima patsogolo pake, manja ali chotambasula, milomo ikugwedera. Malo achiwiri anali tikawoloka Bua, pa kamsikiti ka udzu. Apo ankatenga birika, ketulo ija ya madzi a swala, n'kutawaza, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Ankaswali, ndipo madzi otsala m'birikamo ankathira m'lediyeta. Kaya ndi nthawi ya swala kaya si nthawi yake, kaya dzuwa kaya mvula, kuima kunali komweko.

Tsono ndiuzeni inu ophunzira: pamenepa za injini zinali ziti, za Mulungu zinali ziti? Ndinawafunsapo. Anati, "Mayi a Saidi, inu mukamaphika mpunga, ine ndimakufunsani chifukwa chake mumaika makala pa chivundikiro?" Ndinangoti chabwino, zanu zimenezo. Ndinkakhala m'galimoto n'kumasenda chinangwa, iwo akuchita zawozo. Ndikanadziwa ndikanaphika therere, ndikanatsika n'kumayang'anitsitsa.

Tsiku limenelo kunali dzuwa la mu Okutobala, lija loti ngakhale agalu safuna kuuwa. Tinali pa dooko lina kuseri kwa Kanyenda, kutali ndi msewu waukulu. Tinapita ndi alamu anga a Mwanaidi, mlongo wawo wa agogo anu, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankagulitsa nafe usipa. Agogo anu ananyamula thumba, anayenda pang'ono, analitula bwinobwino, n'kukhala pansi pa mchenga. Ine ndinati, "Bambo a Saidi, mwatopa kale?" Atatembenuka ndinaona kamwa lapita mbali imodzi. Anafuna kuyankha, mawu osatuluka. Dzanja lamanja linangogwa.

Lero mumati sitiroko, mumati BP. Ife dzina sitinkalidziwa. Asodzi anatiunjirira. Wina akuti ndi mphepo yoipa, wina akuti amulodza, wina akuti itanani shehe, wina akuti kuli sing'anga kuseri kwa dambo. A Mwanaidi anawadula onse: "Kuchipatala ku boma! Achimwene anga safera pa mchenga ngati nsomba." Koma apite bwanji? Basi inkadutsa ikafuna, ndipo inkadutsira kutali. Amuna onse anali pamenepo ankadziwa nkhafi ndi ukonde basi. Ndinangoona onse atembenuka, akuyang'ana ine.

Ndinati, "Ine? Ine ndimangolizatu."

A Mwanaidi anati, "Lizani, ikalira musatsike."

Tinawagoneka kumbuyo pa matumba opanda kanthu, mutu pa miyendo ya alamu. Ndinamanga chitenje zolimba, ndinati Bisimila, asodzi anakankha. Panalibe wokuwa kuti "Siyani," ndinangosiya ndekha. Mvuu inadumpha, inatsokomola, inalira.

Ana inu, munayendapo ulendo wonse pa giya yachiwiri? Injini inkalira ngati mayi wa pa maliro, koma liwiro lake munthu wa njinga akanatha kutipitirira. Ndinayesa kusuntha ndodo ija kuti ndipeze giya ina, inakukuta mano mpaka ndinamva m'msana, ndinaibweza msanga. Chiwongolero chinali cholemera, mumchenga chinkandilanda manja. Pansi pankatentha, mapazi anga ankapsa. Ndipo panalibe chondiuza kuti injini ili bwanji. Mawotchi onse akufa. Ndinali ndi mphuno ndi makutu basi, koma sindinkadziwa kuti fungo labwino ndi liti, loipa ndi liti, poti Mvuu inkanunkha masiku onse.

Kenako ndinauona mkuyu uja patsogolo.

Phazi langa linapita lokha pa kalachi. A Mwanaidi anakuwa, "Alamu, mukutani?"

"Paja pano amaima."

"Amaima ali bwino! Simukuona kuti munthu akutha? Pitirirani!"

"Nanga ikatifera kutsogoloku? Atikankhe ndani m'tchire muno?"

"Siifa! Zimene amachita panozi ndi chizolowezi chabe!"

"Mwadziwa bwanji?"

Nawonso sankadziwa. Ndinatembenuka kuyang'ana mwini wake. Maso anali otsegula, akundiyang'ana ine. Ndinati, "Bambo a Saidi, ndiime kapena ndipitirire?" Anatulutsa mawu a pakhosi, aa, aa, dzanja lamanzere likumenya thumba. Ndinati, "Ngati mukuti ndiime, tsinzinani." Anatsinzina, koma ntchentche inali itawatera pa diso. A Mwanaidi akuti, "Mwamva, akuti tiyeni!" Ine ndikumva ngati akuti imani. Ha! Munthu amene ndinkamudziwa ngakhale kutsokomola kwake, tsiku limenelo sindinamumve.

Ndinaganiza chonchi: ndikaima ndichedwa, koma mwina ndifika. Ndikapitirira mwina ndifulumira, mwinanso sindifika n'komwe. Ndinaima.

Ndinabweza giya pakati, ndinatsekera tayala ndi mwala, ndinathamangira kuchitsime ndi chiguduli. Potsegula boneti kutentha kunandimenya kumaso. Ndiye ndinaima ndi chiguduli changa chikudontha, ndikuyang'ana m'katimo. Zitsulo, mapaipi, nthambo, malegeni. Chiguduli chija ankaika pati? Zaka zonsezo ndinkangoona msana wawo. Ndinaona penapake pamene panali ulusi wa chiguduli chakale utamatirira, ndinaika pamenepo. Sipanala ndiye ndinagogoda paliponse, kumanja, kumanzere, pamwamba, ngati munthu wofuna mbewa m'nkhokwe. Ndinazungulira matayala ndikuthamanga, ndikuwasisita, osadziwa kuti ndikufuna chiyani. Kenako ndinaima patsogolo, ndinatambasula manja. Ndinene chiyani? Mawu awo sindinawamvepo. Ndinanena duwa imene amayi anga anandiphunzitsa ndili mwana, ija yopemphera pogona, misozi ikulowa m'kamwa. Uku a Mwanaidi akutukwana mtundu wanga wonse, kuyambira agogo anga a ku Mwadzama.

Tinachedwa bwanji pamenepo? Sindikudziwa. Kwa ine kunali ngati kuphethira. Alamu mpaka imfa yawo ankati munthu akanatha kuphika mpunga n'kupsa.

Pa mlatho wa Bua panali anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, atapingasa mtengo, akufunsa makadi. Inu simudziwa, nthawi imeneyo popanda khadi sunkalowa ngakhale mumsika. Lathu linali m'thumba la malaya a wodwalayo. Hutala inali yakufa, ndiye ndinatulutsa mutu n'kukuwa, "Wodwala! Wodwala!" Anadabwa kuona mpango pa chiwongolero. Mmodzi anathamanga m'mbali mwathu, anasuzumira kumbuyo, anaona nkhope ya agogo anu, anakachotsa yekha mtengo uja.

Titawoloka, kamsikiti kaja aka. Tsopano tamverani. A Mwanaidi omwe aja, amene pa mkuyu ankafuna kundidya, anati, "Alamu, apa imani."

"Mwati chiyani?"

"Apa ndi pa nyumba ya Mulungu. Achimwene sanadutsepo chidutsire. Mukufuna tidutse lero, lero limene tikumufuna Mulunguyo?"

"Si inu mumati tikuchedwa?"

"Kuja kunali kwa mtengo, kuno ndi kwina!"

Mutu wanga unaima. Ndinati kwa ndekha, ngati apa amaimira swala, Mulungu amaona, wodwala amakhululukidwa. Koma ngati amaimira madzi a m'birika aja? Nanga ngati swala inali yongodikirira kuti injini ipume? Nanga ngati madziwo ankangowataya m'lediyeta posafuna kuwathira pansi? Ndinatembenukanso. Maso a agogo anu tsopano anali otseka, malovu akutsika pa chitenje cha alamu. Nditaona zimenezo phazi silinapitenso pa kalachi. Ndinadutsa. A Mwanaidi analira mokweza ngati maliro achitika kale, ine ndinangogwira chiwongolero ndikunena Asitafurula, Asitafurula, njira yonse.

Tikuyandikira boma, nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Fungo ngati la mphika wopserera. Injini inayamba kugogoda m'kati, ngo ngo ngo. Ndinkayankhula nayo ngati mwana: "Pirira mayi, pirira, tafika." Anthu m'misewu ankaloza, ana akutithamangira. Tinalowa pa chipatala ili fuu, ndinaponda buleki kuiwala kalachi, inadumpha n'kuzima pakhomo penipeni.

Anawanyamula pa machira. Namwino wina anafunsa kuti zayamba nthawi yanji, titamuuza anati, "Matenda awa amafuna changu." Madzulo ake adokotala anati, "Mayi, ngakhale mukanauluka, chimene chinachitika chinachitikira ku dooko komweko." A Mwanaidi anasunga mawu a namwino, ine ndinasunga a adokotala. Agogo anu anakhala ndi moyo, Alihamudulila, koma dzanja silinabwerere, mwendo unabwerera theka. Ndipo alamu, paukwati, pa sadaka, pena paliponse pamene pali anthu, ankati, "Dzanja la achimwene linatsala pa mkuyu." Zinkandiwawa, ana inu. Zimandiwawabe. Ndinkafuna kuwayankha, koma ndiwayankhe kuti chiyani, poti mwina ankanena zoona?

Nanga Mvuu? Ine ndinkati yapsa, yatha. M'mawa mwake achimwene anga anathiramo madzi, anthu anakankha, inalira ngati sipanachitike kanthu. Mwaona tsono? Ndinadumpha msikiti, siinafe. Ndiye kuti ndikanadumphanso mkuyu siikanafa? Kapena inapirira chifukwa choti pa mkuyu ndinaima? Nthunzi ija inali chilango, kapena ludzu chabe? Iwe Yusufu uli ndi satifiketi, tandiyankha.

Inatidyetsabe zaka zambiri. Ndinkayendetsa ine, agogo anu ali pambali akusintha giya ndi dzanja lamanzere, ine ndikuponda kalachi, anthu awiri dalaivala mmodzi. Saidi atakula anailandira. Thupi lake ndi limene linayamba kutha, dzimbiri la kunyanja kuno silichita manyazi, mpaka pansi pankaoneka msewu. Injini anaichotsa n'kukaiika pa chigayo cha mpunga ku Mwadzama, ndipo inagayanso mpaka mwini chigayo anasamuka nayo. Kumene ili sindikudziwa. Musadabwe mutamva kuti ikulirabe.

Mawu a agogo anu anabwerera pang'onopang'ono, mvula ya chaka chimenecho itatha, koma olemera ngati munthu wavwata mbatata yotentha. Ndinadikira. Sindinafune kuwafunsa akadali ofooka. Tsiku lina masana tili pakhonde, ndikuwadula ndi lumo zikhadabo za dzanja lakufalo, ndinati, "Bambo a Saidi, lero mundiuze. Pa mkuyu paja ndi pa msikiti paja, za galimoto ndi ziti, za Mulungu ndi ziti?"

Anati, "Sindikudziwa."

"Musandiseweretse."

"Zoona. Anandionetsa ndi a Phiri, dalaivala amene ankaiyendetsa ikadali ya boma. Tsiku londipatsa anandiperekeza ku Kanyenda. Pobwerera, pa mkuyu anaima, anachita zonse zija. Pafupi ndi msikiti anaimanso, anapempha madzi."

"A Phiri aja sanali Mkhristu?"

"Anali Mkhristu."

"Nanga poima patsogolo paja manja chotambasula, ankapemphera chiyani?"

"Kaya. Mwina ankamvetsera injini. Mwina ankaumitsa manja. Ine ndinaikapo duwa, poti kungoima chete kunkandichititsa manyazi."

"Osawafunsa?"

"Ndinaopa kuoneka mbuli. Pamene ndinkati ndifunse, anali atasamutsidwa. Ndiye galimoto ikuyenda, zinzake zonse za msinkhu wake zili pa miyala, ine ndichotsepo chiyani? Ndikanachotsa chimodzi galimoto n'kufa, ndikanadziwa. Koma ndikanadziwa ndikuyenda pansi."

Ndinataya lumo. Ndinakwiya, ana inu, ndinakwiya zedi. Ndinati, "Ine ndinaima pa dzuwa ndikugogoda zitsulo, inu mukufa kumbuyo, alongo anu akunditukwana mpaka lero, chifukwa cha zinthu zimene inu eni ake simukuzidziwa? Nanga tsiku lija, pomenya thumba paja, munkati ndiime kapena ndipitirire?"

Anati za tsiku limenelo sakumbuka kanthu, kuyambira pa dooko mpaka kuchipatala. Ndinalira. Ndinali nditasunga funso limenelo miyezi yonseyo ndikuti tsiku lina adzandimasula, koma analibe chondimasulira.

Anandisiya ndilire. Kenako anatola lumo lija ndi dzanja lamanzere, anandipatsa, nati ndi kamwa lawo lopotokalo, "Mayi a Saidi, chimodzi chokha ndikudziwa. Ndikanakhala ine pa chiwongolero, inu muli gone kumbuyo, ndikanaima. Pa mkuyu ndikanaima, pa msikitinso ndikanaima."

Ndinawayang'ana, iwo akundiyang'ana. Mpaka anamwalira, mpaka lero lino, sindidziwa ngati pamenepo ankandipepesa mtima kapena ankandiuza kuti akanandisiya ndife. Ndinangotenga dzanja lija n'kumaliza kudula zikhadabo.